Nyali za Buleki Zokana Kuzima

"Bwera ndi unyolo."

Sajeni anachotsa foni kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezanso. Bambo ake sankayamba nkhani popanda moni. Ngakhale tsiku limene mphepo inasasula denga, anayamba afunsa kaye ngati adzukulu awo adzuka bwino.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ndaberedwa. Wakubayo ndikumudziwa, ali mumpanda mwanga mommuno. Unyolo, ndanena."

Linali tsiku lake lopuma kupolisi, zovala zili zonyika m'beseni. Anapukuta manja, kuvala nsapato n'kukakwera minibasi. Unyolo anausiya m'kabati.

Bambo akewo dera lonse linkawadziwa kuti a Hutala, dzina limene analitola pa ntchito yawo yoyendetsa basi. Atapuma ntchito, ana awo anawagulira galimoto yamagetsi yoti inayendapo kale. Poyamba anainyoza. Ankati galimoto yosalira ndi ngolo chabe. Sabata isanathe anali akuipukuta m'mawa uliwonse ndi thaulo limene akazi awo ankasungira alendo.

Sajeni anaipeza pamalo ake a masiku onse, mphuno kukhoma la nyumba, msana kugeti. Nyali zake zakumbuyo zinali psuu mofooka, ngati makala oti atsala pang'ono kuzima. A Hutala anaima pambali pake atapinda manja pachifuwa. Amayi ankasesa pabwalo poti pasesedwa kale. Pakhomo la kanyumba ka lendi kumapeto kwa mpanda panakhala Magalasi, mnyamata wowotcherera zitsulo, mawondo ake ataliatali atafika m'makutu, magalasi ake akuda ali pachipumi monga mwa nthawi zonse. Kuseri kwa katani, mkazi wake ankagwedeza khanda.

"Chasowa n'chiyani?" Sajeni anafunsa.

"Chingwe chotchajira. Chimakhala kubuti, chokulungidwa bwinobwino. Lero ndimati ndiipatse moto, mulibe. Ndakanikiza batani, galimoto zii."

"Nanga nyalizi zayamba liti kuyaka?"

"Nyali ziti?" A Hutala anazungulira kumbuyo, kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galimoto. "Waona? Wagwiranso mawaya."

Sajeni anawayang'ana kaye bambo akewo asanafunse funso lina.

"Inatuluka liti komaliza?"

"Mwezi watha. Chibwerere kumeneko sinasunthe."

"Dzulo munali kuti?"

"Kudepoti, kucheza ndi anzanga akale. Wapansi, miyendo imafunika kuwongola. Ndinabwerako msanga, kumwamba kutayamba kuda."

"Makiyi?"

"Pamsomali, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Geti timatsegula ndife atatu: ine, amayi ako, ndi uyo." Analoza ndi mlomo. "Chingwe chimene chija m'kati mwake ndi kopa yekhayekha. Amene amadziwa kogulitsa kopa muno ndani?"

Magalasi anangowerama. Zoti anagonapo m'chitokosi kale pa mlandu wa zitsulo za njanji, aliyense ankadziwa. Atatuluka, eni nyumba onse ankamutsekera zitseko, kupatula amayi ake Sajeni, amene anakangana ndi amuna awo mpaka kanyumbako anamupatsa.

Tsache la amayi linkangopita shwaa, shwaa, pa simenti yoyera kale.

* * *

Mawaya, mayi wokonza zamagetsi m'magalimoto, anafika pa njinga yamoto, chikwama cha zida chili kumsana. Iye ndi Sajeni anakhalapo benchi imodzi kusukulu, ndipo chiyambire nthawi imeneyo pakamwa pake sipanapumepo.

"Wadwala chiyani mwana wokongolayu? Ayi, wagona maso ali gwa! Pepa, pepa, adokotala abwera." Anasisita galimotoyo padenga. "Ababa, musaope. Izi zili ndi mabatire awiri. Yaikulu ili pansipa, ndiyo imayendetsa matayala. Yaing'ono ndiyo imadzutsa yaikuluyo, ngati wotchi ya alamu. Nyali zikachezera kuyaka zimamwa yaing'onoyo mpaka gwa, ndiye galimoto siidzuka ngakhale ikhute chotani."

Analumikiza kabokosi kake ku batire yaing'ono. Galimoto inalira kuti tii, sikilini ya kutsogolo n'kuwala, nyali zakumbuyo n'kufiira kwambiri. Kenaka anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, tochi ali kukamwa. Posakhalitsa dzanja lake linatuluka litafumbata kanthu.

"Sajeni, landira mtembo."

Tinali tizidutswa ta kamphira kakuda, kozungulira ngati batani la malaya.

"Aka kamakhala pa chitsulo cha pedulo ya buleki. Ukachotsa phazi, pedulo imabwerera m'mwamba, akaka n'kukankha kaswichi, nyali n'kuzima. Kakasweka pamatsala dzenje, kaswichi kamangosuzumira m'dzenjemo, galimoto n'kumaganiza kuti phazi likadali pa buleki. Waya palibe amene wagwira."

"Kamasweka pakokha?"

"Kakakalamba, inde. Koma aka ndinaika ndine chaka chomwe chino. Alipo amene amaponda buleki ngati akupha njoka, phazi n'kuterereka, pedulo n'kubwerera kuti phwa! Kangapo kokha, kamphira kapita."

"Ine sindiponda choncho," anatero a Hutala.

"Inu mumaponda ngati pansi pali dzira, ababa, dziko lonse likudziwa."

Mawaya atatuluka, Sajeni analowa n'kukhala pampando wa dalaivala. Msinkhu anatengera bambo ake, ndipo mpando unali pamalo pake ndithu. Koma atakweza maso pa galasi loonera kumbuyo, anangoona mpando wakumbuyo basi. Galasilo linali lowerama. Anapisa dzanja pansi pa mpando. Njanji zake zinali mbee mpaka kutsogolo kwenikweni, fumbi litasesedwa ndi mpando woyenda uku ndi uku.

"Ababa, tandiwerengereni manambala awa. Inali pamenepa mutaisiya?"

A Hutala anasuzumira pawindo n'kutsinzina pang'ono. "Dzuwa likuthwanima pagalasipo. Werenga wekha, unapita kusukulu."

Galimotoyo inali pamthunzi.

"Koma wakuba wanuyu ndi waulemu," anatero Mawaya akuyang'ana sikilini. "Batire yaikulu yatsala pang'ono kudzaza. Wabweza mwana atamudyetsa." Kenaka anatsitsa mawu kuti amve Sajeni yekha. "Ndipo miyendo yake sifika bwino pa pedulo. Uyo wa pakhomoyo angayendetse atakhala kubuti."

* * *

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi geti, kunali kakhonde ka Telala. Mayi ameneyu ankasoka maso ali pamsewu, koma msoko sunkakhota.

"Ine mwana wanga, za eni sindilowerera. Funsa aliyense. Ndimabwera, ndimasoka, ndimapita." Anachotsa mapini kukamwa kuti ayankhule bwino. "Mwatupatu masaya, ukwati ukukukomerani. Yunifomu ija ikukukwananibe?"

"Ikukwana, azakhali. Dzulo masana munali pano?"

"Ndingapite kuti, diresi la mkwati lili pamakina?"

"Munaona wina atanyamula chingwe?"

"Sindinaone, sindinamve. Nanga galimoto imeneyo imamveka? Imayenda ngati mphaka. Tsiku lina inatsala pang'ono kundinyambita chidendene ndisanadziwe."

"Nyali zakumbuyo munaziona?"

"Zimenezo ndiye ndinaziona, kunama n'kulakwa. Psuu! Itangolowa muja, geti atseka, ine ndikuona kufiira pa mpata wa pansipo. Ndinati kaya ndi mmene zimapumira zamagetsizi, nanga ife tinaphunzira?"

Sajeni anatola kansalu pansi, kukapinda bwinobwino n'kukaika pathebulo.

"Itangolowa kuchokera kuti, azakhali?"

Phazi la Telala linaima pa makina.

"Ndati itangolowa?"

"Mwatero. Ababa akuti sinatuluke chiyambire mwezi watha."

"Lilime, mwana wanga. Likakalamba limaterereka." Anabweza mapini onse kukamwa, makina n'kuyamba kulira mwaliwiro loti munthu sangamve mnzake.

Sajeni anaimabe pomwepo, kuyang'ana kumene maso a Telala ankakonda kuyang'ana. Kuchokera pakhondepo msewu wonse wochokera kudepoti unkaoneka mpaka kumapeto. Munthu wapansi ukanamuona akadali kadontho. Kumanzere, pokhota, kunali shedi ya Magalasi.

* * *

Sajeni anamutenga Magalasi kuti akatsegule shediyo yekha. A Hutala anawatsatira pambuyo, osaitanidwa.

Mnyamatayo analowetsa kiyi n'kukankha. Chitseko chitatseguka, panalibenso chofufuza. Chingwe chinali pomwepo, mutu umodzi uli m'soketi yaikulu ya makina owotcherera, mutu wina uli pansi pafupi ndi khomo, ngati wina anachizula mothamanga n'kuchiponya.

A Hutala anawerama, kuchipapasa ndi manja onse awiri mpaka kupeza pamene anamangapo tepi.

"Changa."

"Chinabwera bwanji kuno, achimwene?" Sajeni anafunsa.

"Ndinabweretsa ndine."

"Kudzachita nacho chiyani?"

Sajeni analoza soketi ija.

"Wofuna kugulitsa kopa salumikiza chingwe kukhoma. Munkatchaja galimoto. Anayendetsa ndani kudzafika nayo kuno?"

Magalasi anatsitsa magalasi ake akuda kuchoka pachipumi n'kuphimba maso. Anatambasula manja onse awiri kutsogolo, ataphatikiza.

"Ndimangeni, achemwali. Zina musandifunse."

"Wamva?" anatero a Hutala. Mawu awo sanali aukali ngati m'mawa muja, anali olefuka. "Ndinakusunga ngati mwana wanga, iwe. Mwana wako atabadwa ndinakatenga ndine kuchipatala. Dzuwa lisanalowe, katundu wako akhale ali panja."

Anakoleka chingwe paphewa n'kutuluka. Pakhomo phazi lawo linagunda chitsulo chimene chinali poonekeratu, ndipo anadzandira asanawongoke.

* * *

Amayi anali kukhitchini, akutsuka makapu. Sajeni anatseka chitseko, kutenga kansalu n'kuyamba kupukuta. Anaima phewa ndi phewa, kapena tinene kuti phewa ndi chigongono, pakuti amayiwo ankamulekeza mwana wawo m'khwapa.

"Amayi, mpando mumakumbukira kubweza. Galasi ndi limene mumaiwala."

Kapu inakhala kaye m'madzi.

"Unayamba uli wamng'ono khalidwe limeneli," anatero amayi. "Shuga ndikabisa pena paliponse, iwe umapeza."

"Akuti katundu wa Magalasi atuluke lero. Iye akuti ndimumange."

"Mwana wopusa! Ndinangomuuza kuti asaulule, sindinati afere ine." Anapukuta manja pa epuloni n'kukhala pa kampando. "Amandiphunzitsa kubwalo la mpira, kuseri kwa sukulu, bambo ako akapita kudepoti. Tikamaliza timaidyetsa kushedi kwake kuti isaoneke kuti yayenda. Telala amatiyang'anira msewu. Dzulo tangolumikiza kwa kanthawi, foni: akubwera! Tinazula chingwe osachiganizanso. Ndinalowa pageti paja khoma likundithamangira. Ndinaponda, phazi n'kuterereka, ndinapondanso. Ndinamva kuti thwa pansipo, koma ndinati bola khoma lili moyo."

"Bwanji osangowapempha ababa kuti akuphunzitseni? Dalaivala muli naye m'nyumba."

Amayi anayang'ana kuchitseko asanayankhe.

"Mwezi watha tikuchokera kokaona mng'ono wako, bambo wina ankadutsa msewu akukankha njinga, mwana ali pakaliyala. Masana, dzuwa lili pamutu. Bambo ako sanachepetse liwiro. Ndinakuwa. Anaima, tayala la njinga lili apa, ife tili apa. Sanayankhule mpaka kunyumba. Usiku sanadye. Chiyambire pamenepo akuti miyendo ikufuna kuwongola."

"Sanamuone."

"Sanamuone. Maso achita ng'ala, mwana wanga. Tiyi amathira pambali pa kapu. Munthu amene wanyamula anthu moyo wake wonse osagunda ngakhale nkhuku, ndimuuze ine kuti basi, tsika? Ndinati ndiphunzire kaye mwakachetechete. Tsiku lina ndidzangoti, abambo, lero khalani uko mupume, ndikuyendetseni ine, ngati nthabwala."

"Ng'ala amachotsa kuchipatala, amayi. Anthu amaonanso."

"Ukawauza za maso, amati ndi dzuwa."

Sajeni anapinda kansalu kaja. Milandu yambiri anaimaliza ndi mtima umodzi, koma uwu unali wa khoswe wa pamkhate: ukaponya mwala, uswa mtsuko. Kuti Magalasi ayere, chinsinsi cha amayi chinayenera kutuluka, ndipo kumbuyo kwake kukanatuluka cha bambo.

Panja panamveka kukhuluka kwa bedi lachitsulo pa simenti, khanda n'kuyamba kulira.

Amayi anaimirira n'kuvula epuloni.

"Iwe usanene kanthu. Mlandu ndi wanga."

* * *

Magalasi anali atatulutsa kale bedi ndi mpando. Mkazi wake anaima pakhomo, mwana kumsana, ndowa ya mbale ili m'manja. Mawaya anali pansi pa chiwongolero, koma kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anali chete.

"Bweza bedi limenelo," anatero amayi. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo. "Abambo, wakuba wanu ndine. Makiyi ndimatenga ndine, galimoto ndimayendetsa ndine, kamphirako ndaswa ndine. Mwanayu ndinachita kumukakamiza."

A Hutala anawatembenukira.

"Inu? Kuyendetsa? Chifukwa chiyani?"

"Mukudziwa chifukwa chake. Tinali tonse tsiku la njinga lija."

Ngakhale makina a Telala tsidya lija anasiya kulira. A Hutala anatsitsa chingwe paphewa pang'onopang'ono, n'kukhala pa sitepe ya khonde. Sajeni anafuna kupita kukawagwira paphewa, koma amayi anamuletsa ndi diso, n'kukakhala okha pambali pawo.

"Ndimayesa simunazindikire," anatero a Hutala motsitsa.

"Ndakhala nanu chiyambire muli kondakitala. Mukatsokomola ndimadziwa kuti ndi chifuwa kapena mukufuna kunama."

A Hutala anaseka kamodzi, kuseka kwa m'mphuno, n'kupukuta nkhope ndi chikhatho. Kenaka anadzutsa mutu.

"Iwe, tabwera kuno."

Magalasi anasendera, atavula magalasi n'kuwagwira kumanja.

"Ndakutcha wakuba pamaso pa mkazi wako. Ndalakwa, undikhululukire. Bedi limenelo tibweza tonse." Analoza galimoto. "Koma mlandu wina uli nawo. Unaphunzira kuti kuphunzitsa munthu galimoto? Sunawauze kuti chidendene chimakhala pansi?"

"Ndimawauza, ababa. Akaona khoma samva."

"Ndani samva?" anatero amayi.

"Odwala achira!" Mawaya anafuula akutuluka chafutambuyo. "Kamphira katsopano kalowa, kaswichi ndakayika pamalo pake. Taonani, zazima. Tsono ndikufuna munthu mmodzi aponde, ine ndione kumbuyo."

Onse anayang'ana a Hutala. Iwo anaimirira, kusasa thalauza, kupita ku galimoto n'kutsegula chitseko cha dalaivala. Anawerama, kukoka mpando mpaka kutsogolo kwenikweni, n'kuima pambali atagwira chitseko.

"Amayi ake Sajeni, lowani."

A Hutala anazungulira n'kukakhala mbali inayo, kumene chigulire galimotoyo sanakhaleko.

"Chidendene pansi. Eya. Tsono zala zokha, pang'onopang'ono, ngati mukupempha. Bwezani momwemo, musataye phazi."

"Zayaka!" anatero Mawaya. "Zazima! Kachiwiri. Zayaka! Zazima! Amama, mwakhoza."

A Hutala anatsitsa windo.

"Sajeni, tsegula geti. Tikupita kuchipatala cha maso."

Sajeni anasendera pawindo. Kenaka anati, "Ababa, amayi alibe laisensi. Akangoponda msewu ndiwamanga."

"Mwana wopanda ulemu. Chabwino, ayendetse mpaka pageti, kuchokera pamenepo ndi iwe. Mawa ukawalembetse kusukulu ya galimoto, zotsalazo ndiwaphunzitsa ndekha."

Sajeni anatsegula geti mbali zonse ziwiri. Magalasi anaima kumanzere akukupiza manja, Mawaya kumanja, Telala atatuluka pakhonde pake tepi ili m'khosi. Amayi anagwira chiwongolero ngati wina akufuna kuwalanda, khosi atalitalikitsa, lilime lili pakona pa mlomo. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Inkayenda, n'kuima, n'kuganiza kaye, n'kuyendanso. Nyerere imene inanyamuka nayo limodzi pakhoma inafika pageti n'kubwerera.

A Hutala anaika dzanja lawo pa dzanja la akazi awo.

"Musathamange, amayi ake," anatero. "Chipatalacho satseka chaka chino."